Galimoto ya Mkamwini

Lolemba

M'mawa. Ndilembe ndisanaiwale. Dzulo pa mowa, a Chimbalanga, atsibweni a mkazi wanga komanso eni mbumba pamudzi pano, ananena pamaso pa anthu:

"A telala, chigalimoto chanucho chikalira chokha n'kuyenda mpaka pa mkuyu belu la masana lisanalire Lamulungu likubwerali, mutenge mkazi wanu mupite naye kwanu. Chikakanika, ng'ombe zichikoke. Pamalopo tikufuna timangepo chigafa cha fodya."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pachikamwini kuno ku Chisepo, kupempha chitengwa chaka ndi chaka, yankho lake n'kumakhala "tiona". Kwathu ku Kasakula munda wa malemu bambo wamera tchire, nthochi zikudyedwa ndi anyani. Lero mwayi wagwa ngati bango, ndipo mboni zilipo!

Galimotoyi anandisiyira abambo a ku mishoni pobwerera kwawo, chifukwa ndinkawasokera mikanjo. Inabwera kuno yochita kukokedwa ndi ng'ombe zaka zitatu zapitazo. Buku lake ndili nalo. Chilankhulo chake ngakhale ahedi a pasukulu anachilephera, koma zithunzi sizinama.

Zochita sabata ino:
kutsuka mapulagi
kutsuka kabuleta
batire ku chigayo, akalipatse moto
petulo, chigubu chimodzi
kupopa matayala
osakangana ndi aliyense

Masana. Zitsulo zonse ndaziyala pamphasa, chilichonse pamalo pake monga mwa chithunzi. Makina anga osokera ndawaphimba, sabata ino sindikusoka. Amake Rozina, mkazi wanga, aima ndi ndowa pamutu akuyang'ana. Ndawaonetsa kanthu kakuda, kotalika ngati chala, kamene amakaniko amati rota. Kamakhala m'kachitini, n'kumazungulira kugawa moto ku mapulagi. Ndawauza kuti popanda aka, galimoto yonseyi ndi khola la nkhuku.

"Kakang'ono chonchi?" atero. Kenako apita kukatsira madzi kwa amayi awo.

Ku Kasakula nyumba ndidzayamba ndi khonde.

Lachiwiri

M'mawa. Boneti palibe! Chitsulo chonse chophimba injini, chachikulu ngati chitseko, chasowa. Ndazungulira nyumba katatu.

Ndaipeza. Ili pakhomo pa apongozi, aiyala chagada pamiyala inayi, ayanikapo mphale. Eni akewo akhala pambali ndi kamtengo kothamangitsira nkhuku. Maso awo anachita khungu chaka chatha, ndiye aigwiragwira ndi manja n'kuona kuti ndi yosalala bwino.

Ndipanga bwanji? Mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Ndikawaona m'njira ndimalowa patchire, ngakhale pali chitedze. Ndaima kuseri kwa nkhokwe n'kutsokomola kawiri. Iwo atsokomolanso, kundipatsa moni. Zathera pomwepo.

Ndatuma amake Rozina. Yankho labwera: "Akuti mphale ikauma." Kumwamba kuli mitambo!

Masana. Ndatsegula chitseko cha kumbuyo kuti ndisese. Thadzi lakuda la apongozi lakhalira mazira pampando. Landijompha pachala, magazi tuu. Mazira khumi ndi awiri. Amake Rozina akuti kwatsala milungu iwiri kuti aswe, ndipo wolisuntha akayankhe yekha.

Chabwino. Galimoto imayenda popanda boneti. A Chimbalanga sananene kuti isakhale ndi nkhuku. Thadzilo lipita nafe ku Kasakula, tidzalibweza ndi anapiye ake.

Mapulagi ndatsuka, akuwala ngati singano.

Lachitatu

M'mawa. Kwabwera atcheya a nthambi ya chipani, jekete paphewa. Ayamba ndi kufunsa khadi la chipani. Ndawaonetsa langa, la amake Rozina, ndi la Rozina ngakhale anakwatiwa ku Lilongwe. Atamanda galimoto. Ayisisita. Ndadziwiratu pomwepo kuti zavuta, chifukwa atcheya akasisita mbuzi, mbuziyo sigona m'khola.

"Loweruka kukubwera mlendo wochokera ku boma. Belu loitanira anthu tilibe. Chitsulo cha gudumu limodzi chingalire bwino pamtengo. Ndiponso mlendo sangakhale pa mpando wa ndalema, pamene mpando wofewa uli pomwepa."

Ndati ndi mwayi wanga. Ndithu, pakamwa pangapa patuluka mawu akuti ndi mwayi wanga! Ndamasula ndekha gudumu, ndachotsa ndekha tayala pachitsulo, ndamasula ndekha mpando wa kutsogolo. Ndawanyamuliranso mpaka pabwalo, ndikumwetulira njira yonse mpaka masaya kuwawa. Ukakana zoterezi, ku ndende ya Dzaleka si kutali, ndipo kumeneko sufuna galimoto yako, amadzakutenga ndi yawo.

Masana. Ndaikapo gudumu lapadera. Magudumu abwerera pa anayi. Pokhala ndiika chitini cha palafini, mtsamiro pamwamba.

Madzulo. Gudumu langa likulira kubwalo. Ngo! Ngo! Ngo! Ana akuphunzirira kuliimba. Mawu ake ndi abwinodi, chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri.

Amake Rozina abwera kuchokera kophunzira nyimbo za Loweruka. Ndawauza za khonde la ku Kasakula, kuti lidzayang'ana kuphiri. Afunsa kuti chitsime chili kutali bwanji. Kenako afunsa kuti kuyenda pansi kuchokera kumeneko kudzafika kuno ndi maola angati. Ndati tili ndi galimoto, za pansi n'zachiyani?

Lachinayi

M'mawa. Ndapalasa njinga mpaka kuchigayo cha pa Chisepo, batire kumbuyo. Alipatsa moto. Petulo ndapezanso. Pobwerera chitunda chonse chija ndakankha, thukuta kamukamu, koma ndikuimba.

Masana. Mayo ine! Tayala lakumanzere laphwa, lavulidwa, chubu mulibe. Mlamu wanga Yohane, mchimwene wa amake Rozina, wakhala pamthunzi akudula chubu changa timizeremizere ndi lumo langa losokera. Lumo langa! Akuti akukonzeratu zomangira mitengo ya chigafa.

"Alamu, munali nazo zinayi. Ine ndatengapo chimodzi chokha."

Chigafa chimene akufuna kumanga pamalo pa galimoto yanga, achimange ndi chubu cha galimoto yanga yomweyo! Iye wandifunsa ngati ndili ndi mwala wonolera, akuti lumoli ndi lobuntha.

Ndapuma katatu. Ndakumbuka mzere womaliza wa ndandanda ya Lolemba. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Madzulo. Tayala ndalifutsa ndi udzu wouma ndi zigamba za nsalu za zaka zisanu, kutsendera ndi munsi. Laima! Lapendekeka pang'ono, koma pa mkuyu ndi mapazi zana basi.

Zimene zilipo:
injini
magudumu atatu ndi theka
batire lodzadza
petulo
thadzi

Amake Rozina akupesa amayi awo tsitsi pakhonde. Akuseka chinachake awiriwiri. Mwina ine.

Lachisanu

M'mawa. Tsiku labwino! Kabuleta ndabwezera, mapulagi ndamanga, mawaya onse monga mwa chithunzi. Rota ndamulowetsa ndi dzanja langali, ndamupsompsona kaye, ndatseka kachitini kake. Madzi m'rediyeta. Oyilo. Petulo m'thanki. Kwangotsala kulumikiza batire n'kupukusa hendulo yolizira injini.

Ndalowa m'nyumba kukasamba m'manja, kuti kulira kwake koyamba kundipeze ndili waukhondo.

Ndatuluka. Atcheya aima pamenepo, batire lili kale paphewa pa Yohane. Abale inu! Akuti mlendo abwera ndi chinkuzamawu, ndipo chinkuzamawu chimadya batire. Akuti dzina langa litchulidwa pamsonkhano.

Ndati ndi mwayi wanga.

Masana. Ndakhala m'galimoto pachitini, ndagwira chiwongolero. Ndasintha magiya onse, mpaka ya m'mbuyo. Ndalira ndi pakamwa. Thadzi likundiyang'ana ndi diso limodzi.

A Chimbalanga adutsa ndi nkhwangwa, ayeza malo ndi mapazi kuzungulira galimoto, ine ndili momwemo. "Pepani a telala, musasunthe, ndikuwerenga."

Madzulo. Atcheya anditumanso kubwalo kukasoka nsalu yokongoletsa pokhala mlendo. Ndasiya galimoto yokha mpaka dzuwa kulowa. Pobwerera ndapeza amake Rozina akupukuta galasi la kutsogolo ndi chitenje chawo. Mtima wanga unasungunuka. Zaka zitatu sanaikhudzepo galimotoyi, lero ayamba kuikonda!

Loweruka

M'mawa. Msonkhano. Mlendo wakhala pampando wanga, miyendo apingasa. Gudumu langa laitana anthu, batire langa layankhula maola anayi. Tawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Dzina langa latchulidwadi: "a telala ena ake".

Masana. Batire labwera, moto ulipo pang'ono. Mpando akuti ukhale kaye ku nthambi, alendo amabwerabwera. Ndalumikiza. Anthu ochokera kumsonkhano sanapite kwawo, onse ali pano, ena akwera pachulu. Ndavula malaya. Ndachita chizindikiro cha mtanda. Ndagwira hendulo.

Ndapukusa. Zii.
Ndapukusanso. Zii.
Kokwana makumi atatu. Manja atuluka matuza. Ngakhale kutsokomola kamodzi kokha, ayi!

Wina pachulu: "Ithireni phala, ili ndi njala!"

Ndaona petulo, akufika. Ndaona mawaya, ali bwino. Ndatsegula kachitini kogawa moto.

Mulibe! Rota mulibe!

Ndinamuika ndekha dzulo. Ndinamupsompsona! Ndakhala pansi pafumbi, anthu onse akuona. Boneti ndikumvetsa, amayanikapo mphale. Gudumu limalira, chubu chimamanga. Koma rota? Munthu angatani naye rota? Sangadulire, sangapalire, ngakhale fodya wa pamphuno sangasungiremo.

Ndafunsa Yohane. Walumbira pali manda a agogo ake. Ndasefa fumbi lonse pansi pa injini ndi sefa ya ufa. Ndanyamula thadzi, landijomphanso chala chomwechija. Mazira okhaokha.

Madzulo. Ndakhala ndikutsatira mbuzi ya a Chimbalanga ndi kamtengo, kufukula zimene ikusiya. Ine, bambo wa mwana wokwatiwa! Rota wina angapezeke ku Lilongwe kokha, ndipo basi ya kumeneko ndi Lachiwiri.

Amake Rozina aphika nkhwani wotendera, amene ndimakonda. Sakundiyang'ana kumaso. Akundimvera chisoni, osauka.

Lamulungu

M'mawa. Ng'ombe zibwera Misa ikatha. Ine sindikupita kutchalitchi, nkhope ndilibe. Ndati ndiongolere ndekha pokoka, asaigwetsere m'chigwembe. Ndalowa kuchipinda kutenga mtsamiro woika pachitini, ndipo dzanja lagwa pa wa amake Rozina.

Pakona pali cholimba. Msoko wake si wanga. Mitsamiro yonse m'nyumba muno ndinasoka ndine, ndipo uwu ndi msoko wa manja, wautaliutali, wokhotakhota, ulusi wakuda wochokera pa makina anga. Munthu wosoka moipa chonchi m'dziko muno ndi mmodzi yekha. Ndinamukwatira.

Ndatumbula. Rota! Wokulungidwa bwinobwino m'kansalu kuti asakandike.

Kalanga ine! Ndinawaonetsa ndekha Lolemba. Ndinachita kuwauza!

Dzuwa likadali pansi. Belu la masana lili kutali. Kumulowetsa rota n'kupukusa hendulo sikungathe ngakhale Tikuoneni Mariya atatu. Ndaima naye m'manja, ndapita pazenera kuti ndione ngati kunja kuli anthu.

Panjira ya kutchalitchi pali awiri. Amake Rozina patsogolo, agwira nsonga ya ndodo. Apongozi pambuyo, agwira nsonga inayo. Akuyenda pang'onopang'ono. Pa mwala uja wa pakhwawa amake Rozina aima, awerama, anyamula phazi la amayi awo n'kuliika pamwamba. Lamulungu lililonse amatero. Ndakhala ndikuziona chaka chonse, koma mutu uli mu injini. Yohane ndodo imeneyo sanaigwirepo n'kamodzi komwe.

Ndakwiya, ndisaname. Ndakwiya mpaka misozi. Munda wa bambo, nthochi zija, khonde loyang'ana kuphiri.

Ndakhala pabedi, rota ali m'manja. Kenako ndamukulunga rota m'kansalu kake, ndamubwezera pakona pomwepo. Ndavundukula makina. Ndasoka msoko wowongoka, kubwereza kawiri.

Masana. Belu lalira. Ng'ombe ziwiri, goli, tcheni. A Chimbalanga akuti ipite kudambo. Amake Rozina atuluka m'nyumba, mtsamiro uja uli m'manja, chala chili pamsoko. Agwada patsogolo pa atsibweni awo: "Kudambo ayi. Ikakhale pansi pa mango, pafupi ndi posokera amuna anga, pamene aziiona." A Chimbalanga ayang'ana nkhope yawo kamodzi, sanatsutse.

Ndakhala pachitini, ndagwira chiwongolero. Amake Rozina atsegula chitseko chinacho, aika mtsamiro pansi pamene panali mpando, akhalapo. Mutu wokha ndi umene ukuoneka pazenera. Yohane wakuwira ng'ombe. Tayenda! Tayala la udzu likuti fwa, fwa, fwa. Thadzi likudandaula kumbuyo. Mapazi makumi anayi, mwina ndi asanu.

Taima pansi pa mango. Sanatsike msanga.

"Bambo a Rozina, ndiye mwanditenga pa galimoto."

Ndati eya. Ndawauzanso kuti ulendo wina akafuna kusoka chinthu azindipatsa ine.

Madzulo. Boneti yabwera, mphale yauma. Mawa ndili ndi mathalauza atatu a eni ake oti ndipinde.