Mutibwezere Pakamwa pa Benson

Biriwiri, Ntcheu
14 Ogasiti 1987

Kwa Bwana Mkulu wa Maphunziro a Kufalitsa Uthenga,
Sukulu ya Ukachenjede.

Bwana Wolemekezeka,

Ndikulemba nditagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine mlimi wa kachewere amene ndinalekera Sitandade 4, ndiye mukapeza kuti m'kalata muno ndanena zinthu zomveka, mundikhululukire, sindinadutse m'manja mwanu. Ndangofuna kuthokoza pa ntchito imene mwaigwira pa mwana wanga Benson.

Mwanayu tinakupatsani ali wolongolola. Pamsika wa Lizulu ankati akaima pawindo la basi, munthu amene analibe ndi maganizo omwe ogula ankapezeka atakumbatira ndowa ya kachewere, osadziwa kuti zamuchitikira bwanji. Atasankhidwa kudzaphunzira kwanuko tinati basi, ameneyu tidzamumvera pa wailesi. Mayi ake anaguliratu ndi mabatire omwe.

Patha zaka zitatu, ndipo zothokoza zanga ndi izi.

1. Mwamuphunzitsa kusamala mawu. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, amayamba wayang'ana kumanzere, kumanja ndi kudenga, kenaka n'kunena kuti sanapatsidwe chilolezo chothirirapo ndemanga. M'nyumba mwathu tsopano muli zii ngati m'tchalitchi Lolemba.

2. Mwamuphunzitsa kulemba makalata. Amafika kuno atamatidwa kawiri, koyamba ndi iye, kachiwiri ndi anthu achifundo amene amatiwerengeratu panjira. Amenewonso muwathokoze, koma muwauze asamadzivute. M'katimo mumangokhala moni, ndi zoti mvula ikugwa monga mwa dongosolo.

3. Apa ndiye ndikuomba m'manja. Mwezi wathawu anatisiya malume ake a mwanayu, a Elson. Kwathu kuno uthenga wa maliro sutumizidwa ndi munthu wamba, pamafunika wodziwa kukhala pansi ndi kuika mawu. Tinati tivutikirenji, katswiri ali patchuthi m'nyumba momwemu? Tinamubwerekera njinga kuti apite ku Lizulu akauze a Dailes, mayi ake aang'ono, kuti mlongo wawo wapita. Benson anafika, anamupatsa mpando, n'kuwauza kuti kumudzi kuli bata ndi mtendere, chimanga chachita bwino, ndipo nkhani ya malume ikuunikidwa ndi oyenera. A Dailes anamuphera nkhuku.

Za imfayo anazimva patatha masiku anayi kwa Lukia wogulitsa mchere pamsika, amene sukulu yanu sadziwa ndi kumene inaloza. Pofika kuno anapeza dothi la pamanda litauma. Lero satiyankha moni. Akuti tinawabisira dala, ndipo mukudziwa zimene anthu amamuganizira munthu wobisa maliro. Mkazi wanga wataya mlongo wake ndi mng'ono wake m'sabata imodzi.

Ndisaname, Bwana, ndinakwiya. Ndinamutengera Benson kudimba, pakati pa mizere, kumene kulibe makutu. Kumeneko ndiye anandinong'oneza za phunziro lanu lalikulu, lija mulibe m'mabuku. Akuti chaka choyamba mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Eliya wa pa Boma, anakweza dzanja m'kalasi n'kufunsa chifukwa chake nyuzipepala ikulemba kuti njala kulibe pamene kwawo akudya gaga. Inu munati ndi funso labwino. Lachitatu lake kunabwera galimoto kudzamutenga, ndikhulupirira kuti n'kukamuyankha bwinobwino. Yankholo liyenera kuti ndi lalitali, chifukwa mpaka lero sanabwerere.

Kuyambira tsiku limenelo, akutero mwanayu, uthenga woipa sutulukanso pakamwa pake. Amati akafuna kuunena, umamutsamira pakhosi. Ankanena izi akulira, mnyamata wa ndevu zake. Uphunzitsi ndi umenewo, Bwana. Phunziro limodzi lokha, ana makumi anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene walephera.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti chaka chamawa mudzamuveka mkanjo ndi chipewa cha ngodya zinayi. Musawononge nsalu. Mkanjowo sungani, pepala lakelo sunganinso. Mungotibwezera pakamwa pake, paja tinakupatsani pali pabwinobwino, kuti apite ku Lizulu akagwade pamaso pa a Dailes n'kunena kuti malume anamwalira, pepani. Ndi mawu atatu okha, ndipo Boma mulibemo.

Ngati pakamwapo munakapasunga kumene mukusunga Eliya, musachite kudzuka pampando. Mungotiuza malo ake, tikatenga tokha. Mayi ake a Eliya ndakawaona, amagulitsa tomato pa Boma. Akuti atiperekeza, ndipo bulangete la mwana wawo analichapa kale.

Ine wanu wodzichepetsa, khadi la chipani la chaka chino lili m'thumba,

Mlimi wa Kachewere

Dzina langa sindinalembe. Mwaona, Bwana, maphunziro anu afika ndi ku Biriwiri komwe.