Mzukwa wa ku Mipando ya Pamwamba

Lolemba

Ndakalipiridwa chifukwa chozimitsa nyale. Mwezi wachitatu uno ndikukolopa m'nyumba ya zisudzo yakalekale imeneyi kuno kwa azungu, koma ndimathera kuzimbudzi ndi pakhomo. Lero andilowetsa m'holo. Mulibe munthu, pa siteji nyale ikuyaka yokha. Ndazimitsa, monga angachitire aliyense wodziwa bilu ya magetsi.

A Colin, a manijala athu, abwera chothamanga. Akuti nyaleyo sizimitsidwa, ndi ya mzukwa. Mayi wina wochita zisudzo anafera muno, ndiye amamusiyira kuwala.

Kenaka akundiuza akumwetulira kuti kuyambira Lolemba likudzali kukolopa ku mipando ya pamwamba ndi kwanga ndekha. Kumeneko n'kumene mayiyo amakhala. Ntchito sindingaisiye. Ndiye pofika Lolembalo, mzukwa ukhale utachoka.

Lachiwiri

Kani anthu amagula matikiti kudzaona malo a mzukwa. Amawayendetsa mumdima, akuseka.

Zimene amuchitira malemuyu:
nyale,
mpando wake wosagulitsa,
nkhope yake pa makapu a tiyi.

Zimene sanamuchitire: chiliza sakudziwa komwe chili, sadaka palibe, ngakhale m'bale mmodzi wodzamuuza kuti zatha, kapumeni, palibenso. Ndafunsa a Colin mwaulemu ngati banja lake linauzidwa kuti munthu wawo akuzunzika. Aseka mpaka kutsokomola. Ine ndangoti "sorry", koma mtima uli bwatabwata.

Ndaimbira Mayi Nyirenda, mkulu wa amayi kumpingo kwathu ku Ilford. Akuti tikapemphererako Lachisanu masana. Amayi khumi ndi abusa.

Lachitatu

Abusa sabwera. Ali pa shifiti kunyumba ya okalamba. Afunsanso kuti malemuyo anali wa mpingo uti, poopa kulowerera nkhosa za eni. Ndingadziwe bwanji ine?

Ba Tembo, wa ku Zambia amene timakolopa naye, akuti: "Mami, muzalema chabe. Chipuku cha bazungu sichimvela Nyanja." Chipuku ndiye mzukwa kwawoko. Munthu wamkulu ndevu pepeya. Iye pamwamba anakana kalekale, akuti bondo.

Lachinayi

Ndayamba ndekha. Ndawaza mchere pa masitepe onse okwerera pamwamba, paketi yathunthu yochokera kukhitchini kwanga. Sipanathe nthawi a Colin auponda. Akuti munthu akhoza kuterereka. Andipatsa huva, makina oyamwa fumbi aja. Ndawaza ndine, ndachotsanso ndine, ndiwo zamadzulo ndadya zopanda mchere.

Amayi atsala asanu ndi mmodzi. Ena shifiti, ena ana, Mayi Banda akuti anangovomera osamvetsa kuti ndi mzukwa weniweni.

Ndayang'ana kawiri ndandanda ya masiku a alendo pakhoma. Alendo oona mzukwa amabwera Lachiwiri ndi Loweruka basi. Lachisanu kuli zii.

Lachisanu

Abwera atatu. Mayi Nyirenda ndi awiri ochokera ku Wembley, maso ali psuu ndi tulo. Onse mu yunifomu ya mpingo, bulauzi yoyera, duku loyera. Nanenso ndavala yanga. Ndawalowetsa chakuseri, takwera mwakachetechete. Pamwamba mdima, kuzizira ngati m'firiji.

Taima mondondozana kutsogolo kwa mpando wa malemu. Tayamba nyimbo ya pamaliro, chapansipansi.

Pansi chitseko chatseguka. Alendo, gulu lonse! Awonjezera tsiku osalemba pakhoma. Mayi wina watukula maso, wationa, wakuwa. Enanso ayamba kukuwa. Mafoni ali m'mwamba.

Mayi Nyirenda maso ali chitsinzinire. Akumva kukuwako, akuti: "Ndi umenewo, ukutuluka! Kwezani mawu amayi!" Ndikuwakoka mkono, iwo ayambanso vesi yachiwiri. Tamaliza nyimbo yonse. Tatsikira kuseri, aliyense basi yake, osatsanzikana.

Loweruka

Kanema wafalikira pa mafoni. Akuti m'nyumba muja muli mizukwa inayi yoyera, yoimba m'chinenero cha akufa. Chichewa changa ndi chimenecho, chinenero cha akufa. Mwana wina wa ku yunivesite ku Greenwich walemba pansi pake kuti amenewo ndi azimayi a kwathu, ndipo wakumanzereyo amamudziwa. Palibe amene akumumvera.

A Colin andiitanitsa ku ofesi. Ndapita nditanyamuliratu chikwama, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Ndapeza andifulira tiyi. M'kapu ya nkhope ya malemu. Akuti matikiti atha mpaka mwezi wamawa, ndiye kodi anzanga aja sangamabwere Lachisanu lililonse? Ndafunsa za mipando ya pamwamba. Akuti tsopano n'zoonekeratu kuti ine sindiopa, palibenso wina woyenera kuposa ine.

Tiyi sindinamwe. Ndanena "thank you". Pakamwa pangapa ndikanatha kupamenya.

Mayi Nyirenda sakuyankha foni. Atumiza uthenga umodzi wokha: "Ana anga akundiitana kuti mzukwa. Zikomo kwambiri, mayi."

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Abusa alalikira za kuchita zinthu mwadongosolo, akuyang'ana kudenga, mpingo wonse ukuyang'ana ine. Potuluka Mayi Banda andigwira dzanja, akuti pa kanema paja ndinatuluka bwino, kungoti ndinatsalira pa vesi yachiwiri.

Mzukwa sunachoke. Nanenso sindichoka, lendi ya ku Ilford sidziwa mantha.

Ndaganiza m'basi pobwerera. Mayi uja anagwira ntchito m'nyumba imene ija mpaka kufa, ndipo mpaka lero sanamulole kuweruka. Ine ndimaweruka masana. Mawa ndikakwera ndi mopu wanga, ndikamupatsa moni ngati wamkulu pantchito, ndi kumupempha akweze miyendo ndikolope pansi.