Bambo wa Loweruka

Kumpingo kwathu amandidziwa kuti ndine munthu wosafulumira kuweruza. Akanandiona Loweruka lina ku London, ukulu wampingo akanandilanda tsiku lomwelo.

Ndinali nditapita kukacheza kwa mwana wanga wamkazi, namwino, amene amakhala ku Ilford. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi mayi ake atatisiya. Kutchalitchi cha ku Peckham ndinadziwana ndi a Nagama, mayi wamasiye wa kwathu ku Dedza, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Miyezi iwiri ndinkakhala kumbuyo kwawo m'tchalitchi, ndikungowasirira. Ulendo wobwerera kumudzi unatsala ndi masabata atatu, ine ndisanafunsire.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Mayi, Loweruka bwanji tikakwere boti ku Greenwich?"

"Loweruka sindipezeka, bambo. Ndimakapereka chakudya kwa bambo wina wake. Munthu wodekha ngati ameneyo simunamuonepo. Atha kukhala tsiku lonse osayankhula."

Zinandipweteka pawiri. Mkazi kutengera chakudya mwamuna amene si mbale wake, tonse timadziwa kumene zimathera. Koma chachikulu n'chakuti kudekha ndicho chuma chokha chimene ine ndili nacho. (Galimoto ndilibe, tsitsi linatha, mano ena ndi a kuchipatala.) Ndinati ndidzawathandiza kunyamula chikwama.

Tinanyamuka pa basi tili atatu: ine, a Nagama, ndi gogo wina wamkazi wa ku Sri Lanka amene iwo ankamusamalira, ali pampando wamatayala. Mtima unakhalako pansi, poti kuchibwenzi sapita ndi gogo. Kenaka ndinaganiza kuti mwina ameneyu ndiye mpongozi, mayi wake wa bambo uja, mtima n'kudzukanso.

Tinaima panyumba wamba ya njerwa, yofanana ndi zinzake mumsewumo. Pakhomo panali nsapato zingapo.

"Vulani zanu," anatero a Nagama. "Muno ndi m'kachisi wa Abuda. Gogoyu ndiye amapembedza kuno. Ine ndimangomuperekera chakudya kwa wansembe wa muno, poti mawondo a gogoyu sapinda."

Munthu wanzeru akanamvetsa pomwepo. Koma nsanje ili ngati chimfine, sichoka chifukwa wina wakufotokozera.

M'katimo munali fungo la lubani, maluwa, chifanizo cha golide, ndi bata loti umamva wotchi ya pakhoma ikugunda. Kenaka anatulukira mwini wake: wansembe wometa mpala, wofunda nsalu yofiirira ngati lalanje, wa msinkhu wanga ndithu. Anakhala pa kansanja kokhala ndi mitsamiro iwiri. A Nagama anagwada n'kupereka mbale ndi manja awiri, mutu ataweramitsa. Kugwada kotero ndinakuona komaliza kwa malemu mkazi wanga. Bamboyo analandira, osanena ngakhale zikomo.

Kwathu amuna amakhala pampando, amayi pamphasa. Ndinaona mtsamiro wachiwiri uja ulibe munthu, ndinakwera n'kukhala pambali pake, mapewa kugundana. Gogo uja anatulutsa kamawu ngati ketulo ikayamba kuwira.

"Bambo, tsikani," ananong'ona a Nagama.

Ndinakhala ngati sindinamve. Amuna akakhala pamodzi amadyera limodzi, choncho ndinatsinzina n'kupempherera chakudyacho. Linali pemphero lalitali, loyambira kwa Abrahamu mpaka kukafika kwa amasiye onse a m'dziko lapansi. (Mulungu andikhululukire, silinali kupita kwa Iye.) Nditati ameni ndinatenga supuni, ndinakokera mbale pakati, n'kutapa mpunga.

"Akazi anu ali kuti, oti azikuphikirani?" ndinamufunsa m'Chingerezi.

"Ndilibe mkazi. Ndinalowa unsembe ndili mwana."

"Ine wanga anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo," ndinatero, ngati tili pa mpikisano.

"Pepani kwambiri," anatero pang'onopang'ono. "Mumawasowa?"

Ndinasowa poyang'ana. Ndinabwera kudzalimbana ndi munthu, iye n'kundipepesa maliro. Ndinazindikiranso kuti sakudya. Manja anali pamiyendo, akungomwetulira.

A Nagama anasendera pafupi, mawu akutulukira m'mano. "Chakudya chikaperekedwa, wina akachigwira sangadye mpaka chiperekedwenso. Ndipo ikakwana thwelofu koloko masana basi, sadyanso mpaka mawa. Taonani wotchiyo."

Panatsala mphindi khumi. Zina zonse zinadyedwa ndi pemphero langa.

Ndinatsika pa kansanja paja ngati mbuzi yogwidwa m'dimba. A Nagama anagwadanso, n'kupereka mbale imodziimodzi, ndi manja awiri. Ine amene ndinapsa mtima poona akugwada kamodzi, ndinawagwaditsa kawiri. Wansembeyo anadya zimene anakwanitsa, osafulumira ngakhale pang'ono, nthawi itakwana n'kuika supuni pansi. Ngakhale kutafuna kwake kunali kodekha kuposa kwanga.

Podikira basi, gogo uja anatembenuzira nkhope kumsewu. A Nagama anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mumaganiza kuti ndi chibwenzi changa?"

"Ayi, mayi, ndimangoti..."

"Miyezi iwiri mukupumira m'khosi mwanga m'tchalitchi osanena kanthu. Lero pakamwa patseguka, mwakafunsa munthu wosakwatira za mkazi wake. Wofunika kumufunsa simukumuona?"

Ndinafunsira pomwepo, chikwama cha mbale zopanda kanthu chili m'manja. Anati yankho adzandipatsa akadzabwera kumudzi pa Khirisimasi, akadzaona ngati nsanjeyi ndi ya nyengo yozizira kapena yobadwa nayo.

Panopa timayankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Ndinalapa, ndipo ndimadziwa bwino kuti bambo uja alibe mlandu. Koma a Nagama akangoti dzulo anapitako, ndimapezeka ndafunsa kuti anamutengera ndiwo yanji.