Mazira Makumi Anayi a Apongozi Anga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mwanapiye Sachedwa,
Kulikonse kumene muli.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti ndikukusokonezani. Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, chifukwa nambala imene munalemba pa katoni ndaiimba kasanu ndi kawiri, ndipo imangondiimbira nyimbo. Nyimboyo ndi yabwino ndithu. Ine ndine Zubairu Ajasi, ndimakhala kwa Kalembo ku Balaka, sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Makina anu oswetsa mazira, a sola aja, ndinawagula kwa wamalonda wanu tsiku la msika ku Nsanama. Ndalemba kuti ndithokoze.

1. Zikomo chifukwa cha kabuku ka malangizo. Kakuti kutentha kuzikhala pa 37.5, ndipo makinawo akhale m'chipinda chosatentha, chosazizira. Bwana, chipinda chimenechi tachifunafuna ku Balaka kuno mu Okotobala, sichikupezeka. Nyumba yanga ndi ya malata. Ikamakwana 1 koloko masana, makina anu amawerenga 40. Kutenthetsa munawaphunzitsa bwino, kuziziritsa mwina nthawi inakutherani. Ulendo woyamba ndinaikamo mazira anga makumi atatu. Anaswa awiri. Enawo anasukusa, tinakawakwirira kudambo titagwira mphuno.

2. Zikomo chifukwa cha kambale ka madzi, kaja kofanana ndi chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Munati chinyezi chikhale 55. Ndikathira m'mawa, pofika nthawi yopemphera swala ya masana kauma. Ndinaikamo siponji yonyowa, chinyezi chinakwera kufika 80. Ndinaichotsa, 30. Ndinaidula pakati, chinakhala pa 55 kwa mphindi zinayi, ndipo ndinalemba m'kope n'kujambula mzere kunsi kwake. Pofuna kutsimikiza ndinagula choyezera kutentha changa. Chanu chikamati 37, changa chimati 39. Chachitatu, chobwereka, sichigwirizana ndi aliyense.

3. Apa ndiye pali nkhani. Nyumba yozizira bwino m'mudzi muno ndi imodzi, yaudzu, pansi pa mtengo wa mango. Eni ake ndi apongozi anga aakazi, Abiti Akimu. Ine ndine mkamwini. Zaka makumi awiri ndi zitatu sindinapondemo, ndipo tikakumana panjira ndimalowa m'munda wa chinangwa. Mayi a kunyumba, a Fauziya, anakandipemphera malo oika makinawo. Apongozi anavomera kusunga makinawo, koma anati muikidwe mazira awo, makumi anayi, a nkhuku zawo za Mikolongwe zimene sizikonda kufungatira.

Choncho masiku ano ndimayeza nditanjuta kuseri kwa nkhokwe, kope pabondo, a Fauziya akundifuulira manambala pazenera. Apongozi amawakonda mazira awo. Amatsegula chivundikiro kuti apumeko mpweya, akuti si akaidi. Kukatentha amawawaza madzi a mumtsuko. Kukachita mitambo amafunditsa makina onse bulangete, timabowo ta mpweya tonse n'kutsekeka. Dzana anatulutsa asanu n'kuwaotheretsa dzuwa, poti ankaoneka ofooka. Nditatumiza uthenga mwaulemu kuti kabuku kakuletsa, yankho linabwera lotere: "Iyayi, kawafunseni amuna anuwo, kabuku kawoko kanaswapo anapiye angati? Ine nkhuku ndinayamba kuweta iwo akuyenda opanda kabudula. Iwo ndi makina awowo aswetsa awiri." Ndafufuza kabuku konse, Bwana, ngakhale kumbuyo kolembedwa m'zilankhulo zina. Tsamba lonena za apongozi mulibe.

Chimene chikundiwondetsa ndi ichi. Kabuku kakuti kuyambira tsiku la 18 chinyezi chikwere, chivundikiro chisatsegulidwenso mpaka anapiye atuluke. Tsikulo ndi Lachisanu, pa 24 mwezi uno. Akatsegula, anapiye adzaumira m'zigoba. Kuno sadzanena kuti makina alephera. Adzati mkamwini wathetsa mbewu ya nkhuku za apongozi ake. Amalume awo a Fauziya ayamba kale kufunsa, mwachikondi, ngati kwathu ku Chiuta kudakali malo olima.

Pempho langa n'laling'ono. Tumizani munthu wovala tayi, atenge kalata ya chidindo, adzawauze apongozi kuti asatsegule. Inu si mkamwini wawo, mukhoza kulowa m'nyumbamo n'kukhala pamkeka. Mukabwera nokha zingakome kwambiri, mudzaoneko makina anu ali ndi mazira m'kati, poti ndikukhulupirira kuti mwayi umenewu simunakhale nawo.

Chonde yankho lifike Lachinayi pa 23 dzuwa lisanalowe. Likapanda kufika, ndidzatumiza a Fauziya akanene zoona, kuti nzeru za makinawa si zanga, ndi zanu. Apongozi anena kale kuti mazira akasukusa adzawanyamula onse m'dengu kukamuonetsa mwini nzeruyo. Ofesi yanu sitikuidziwa, koma iwo sanamusowepo munthu amene akumufuna. Ine kuwaletsa sindingathe. Sitilankhulana.

Ine wanu wodzichepetsa,

Zubairu Ajasi
(Mkamwini, pakadali pano)