Tambuu wa M'bafa

Amene akuti ndikunama adzuke pompano, akakwere sitima ya ku Armadale, akafunse aliyense za tambuu wa bambo a Tadala. Otsalanu khalani pansi mumve.

Tadala atabadwa, apongozi anga, Abiti Mussa, anabwera kuno ku Perth kuchokera ku Mangochi kudzatilerera mwana, poti mkazi wanga ndi nesi ku Midland, ine masana ndimasanja katundu m'sitolo ku Cannington, madzulo ndili m'kalasi. Mayiwa amatafuna tambuu, masamba aja opaka swakala, kuyambira ali mtsikana. Masamba amene ananyamula anawasiyitsa pabwalo la ndege, poti kuno tsamba lakunja sililowa. Pasanapite nthawi anauza mwana wawo kuti m'kamwa mwawo mwafa, tiwagulire tikiti azibwerera. Iwo akapita, sukulu yanga yathera pomwepo.

Mulungu adalitse mayi wina wa ku Sri Lanka woyandikana nafe, amene anandidulira kanthambi ka tambuu wake, n'kundipatsa ndi swakala yemwe. Ndinakabzala panja, dzuwa la Perth linakapsereza tsiku lomwelo, poti dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha. Mayiyo sanandinyoze. Anandidulira kena, nati mbewuyi imafuna mthunzi ndi chinyontho. Ndiye ndinakaika m'chidebe kubafa, n'kumathirira madzi otsala ndikatha kusambitsa Tadala.

Mukumva? Madzi osambira mwana woyamba si madzi wamba. Kutacha mmera uja unali utakulunga paipi ya shawa, dzuwa lisanakwere unatulukira pawindo, unakwawa pampanda, unalumpha msewu, n'kugwira njanji, ndipo unayamba kupikisana ndi sitima mpaka unafika ku Cannington ine ndisanatsike, moti abwana anga anafuna kuulemba ntchito poona kusunga nthawi kwake. Tsamba limodzi ndinafolera galimoto, lina achinyamata akutchalitchi kwathu anawolokera mtsinje wa Swan kwaya yonse ili pomwepo, lina litathothoka linaphimba dzuwa mpaka mbalame zoyera zaphokoso zakuno zija zinakagona masanasana. Pokolola tambuu suzula, ayi, umathyola ndi chikhadabo tsamba lam'munsi lokhwima, nsonga n'kuisiya ikule, koma langali ndinachita kulidula ndi sowo, aneba atandigwirira makwerero, ndege zikundilambalala m'makutu. Mukumva inu?

Ndinalitsuka, ndinaliika pambale, n'kugwada pakhomo la chipinda chawo, poti mkamwini salowa kwa apongozi ngakhale lendi akulipira ndi iye. Mkazi wanga ndiye anapereka. Apongoziwo anapaka swakala, anakulunga, anatafuna nthawi yaitali, Tadala ali pamiyendo pawo akuyamwa chala. Ine mawondo akupweteka. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaweramira khandalo n'kulankhula nalo.

"Tadala, uwauze bambo akowo kuti tsamba lawoli likumveka sopo. Ndikhala kaye mpaka adziwe kulima."

Chabwino, musandiyang'ane choncho. Tsambalo linali ngati khutu la mbuzi, ndipo mmerawo sunapitirire pawindo. Koma mayeso ndinalemba, Tadala wayamba kuyenda atagwira chitenje cha agogo ake, ndipo ndikuthokoza mayi awiriwa, apongozi ndi wa ku Sri Lanka uja, tsiku lililonse. Kulima ndiye sindikufuna kudziwa msanga. Madzi asopo aja ndikuthirabe dala.