Masitepe anayi ndi chikwama cha Anti Esnart

Lolemba

Ndagula kope latsopano. Mizere ndajambula ndi rula kuti isakhote.

Nkhani ndi iyi. Loweruka amayi a kumpingo kwathu akukasewera bolingi ndi amayi a ku Zambia okhala ku tauni ina yotchedwa Oshawa. Bolingi ndi ija yogubuduza mpira wolemera wa mabowo atatu pa njira ya matabwa kuti ukagwetse mabotolo khumi oyera. Eni ake amati mapini, koma ine ndikuona mabotolo.

Timu ndi ya anthu anayi. Mayi Kachingwe bondo lawatupa, ndiye malo amodzi atsala. Akapiteni ndi Anti Esnart, ang'ono awo a amayi anga, amene ndikukhala nawo kuno ku North York, kutsidya kwa nyanja. Akuti: "Ndikuyesa kamodzi. Ukalephera ukubwerera ku zikwama."

Ku zikwama! Chaka chathunthu amayi akusewera, ine ndili pa benchi, zikwama zisanu ndi ziwiri pamiyendo, majasi pambali. Chilichonse ndimachidziwa kulemera kwake. Sindikudandaula, pa benchipo pamafunda. Koma nanenso ndikufuna ndiugwireko mpirawo.

Bambo wobwereketsa nsapato zosewerera ku bolingiko anandionetsa mayendedwe ake. Ndawalemba:

1. Phazi lamanja, kankhira mpira kutsogolo.
2. Lamanzere, mpira utsike.
3. Lamanja, mpira upite kumbuyo.
4. Lamanzere litereleke, mpira uchoke m'dzanja.

Anati phazi ndi mpira zifike pa mzere nthawi imodzi. Osaima.

Ndiziyeserera ka 30 tsiku lililonse, mukolido panja pa chitseko chathu. Mpira ndilibe. Koma Anti agula dzungu lalikulu, poti mwezi uno maungu ali mbwee, anthu kuno amangowaika pakhomo osadya. Ndabwereka limenelo. Kulemera kwake n'komweko.

Lachiwiri

Kuntchito, kunyumba yosungirako okalamba, ndikupinda mashiti tsiku lonse. Popita ku makina ochapira ndikuwerenga chamumtima: lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere. Mnzanga wandifunsa ngati ndikupemphera. Ndangomwetulira.

Madzulo ndamata tepi pansi kuti ikhale mzere. Ndavula nsapato, ndatsala ndi masokosi. Zotsatira:

masitepe anayi, ka 3
masitepe asanu, ka 19
masitepe asanu ndi limodzi, ka 7
kuiwala kuwerenga, kamodzi

Zonse pamodzi 30. Ndawerenga kawiri.

Vuto ndi limodzi. Dzungu silikugubuduka. Ndikafika pa tepi likungokhala pomwepo, pafupi ndi zala za kumapazi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndi kapeti.

Lachitatu

Si kapeti.

Anti aima pakhomo ndi kapu ya tiyi, akundionerera. Aseka mpaka tiyi watayikira pa silipasi. Andijambula pa foni kuti ndidzionere ndekha.

Ndaona. Ndikafika pa tepi ndikuima. Maondo akupindika. Dzanja lamanzere likupita kukagwira chigongono cha lamanja. Kenako dzungu ndikuliika pansi mwakachetechete, ngati ndikupereka madzi kwa alendo.

"Ukumpatsa ndani? Apongozi ako ali kumeneko?"

Akuti ndikunenanso zikomo. Ndakana. Akweza mawu a foni. Zikomoyo akumveka bwinobwino!

Nanga ndingatani? Kuyambira ndili kamwana amayi ankati chinthu saponya, ndipo sapereka ndi dzanja limodzi. Ndinamva. Zikuoneka kuti ndinamvetsetsa kuposa ana onse a m'nyumba mwathu.

Ndawonjezera:

5. Dzanja lamanzere likhale kumbali.
6. Osagwada.
7. Osathokoza.

Lero ndayeserera ka 14 basi. Anti akaseka sindiyenda bwino.

Lachinayi

Ndadikira kuti Anti apite kukwaya. Dzanja lamanzere ndalilowetsa m'thumba la siketi, ndagwira nsalu mwamphamvu. Ndatseka pakamwa. Lamanja, lamanzere, lamanja, kenako sindikudziwa, koma dzungu lachoka!

Lagubuduka ndithu. Ladutsa zitseko zinayi. Nthawi yomweyo chikepe chatseguka, muli bambo wachikulire wa ndodo. Dzungu lalowa. Chitseko chatsekeka. Apita nalo pansi.

Tikukhala pa nsanjika yachisanu ndi chinayi. Ndatsika pa masitepe ndi masokosi. Ndawapeza pansi atalikumbatira ngati mwana. Akuseka, akunena za supu. Chizungu chonse chandithawa. Ndalandira ndi manja awiri, ndagwada, ndathokoza.

Pamenepo maondo ndi manja zafika nthawi imodzi. Palibe chalakwika ngakhale chimodzi.

Dzungu lang'aluka mbali imodzi. Ndaliika pa tebulo, mng'alu wayang'ana kukhoma.

Lero: kamodzi.

Lachisanu

Anti auona mng'alu. Angotenga mpeni.

Ndiye mpira ndilibenso. Ndayesa izi:

thumba la mpunga, siligubuduka
kabichi, wapepuka, komanso ndi wa Lamulungu
botolo la mafuta ophikira, ndachita mantha

Mapeto ake ndayeserera chimanjamanja. Zodabwitsa! Masitepe anayi enieni, ka 12 motsatizana, phazi likutereleka bwinobwino. M'dzanja mukakhala mopanda kanthu ndine katswiri. Ndanyamula kabichi kuti ndione, maondo apindika okha.

Ndawenga zikhadabo kuti zala zikalowe m'mabowo. Ndasita bulauzi. Ndakonza masokosi awiri, chifukwa nsapato za ku bolingi amavala aliyense.

Dzungulo linali lokoma. Ndawonjezera kawiri.

Loweruka

Dzina langa lili pa TV pamwamba pa njira yathu. Aliyense akuliona. Ndikufuna kulowa pansi pa benchi.

Pa benchipo pali Mayi Kachingwe, bondo atalikulunga, zikwama zili mbali zonse. Nkhope yawo ikusonyeza kuti ntchitoyi sakuikonda.

Ulendo woyamba. Ndasankha mpira wopepukirako. Ndayenda, ndafika pa mzere, ndaima, ndagwada, ndapereka. Mpira wanyamuka ngati ukupita kumaliro. Bana Mutale, akapiteni a timu ya ku Zambia, athira tiyi m'kapu, aika shuga, atakasa, mpira usanafike. Wagwera m'ngalande ya m'mbali. Wachiwiri watsatira mnzake.

"Mwana ali na ulemu uyu! Mumusunge!" Atero Bana Mutale, onse kuseka.

Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, koma botolo limodzi lagwa, ngati lachita kupemphedwa. Ndamva Mayi Kachingwe akuuza Anti kuti bondo layamba kupeza bwino. Anti ayang'ana ine, ayang'ana benchi. Ndadziwa. Ndayamba kale kuganiza kuti chikwama chofiira chikhale pansi pa zinzake poti n'cholimba.

Kenako Anti atenga chikwama chawo kuti afunemo mankhwala a mutu. Chingwe cha nsapato yawo chamasuka. "Tagwira," andikoleka chikwamacho pa mkono wamanzere, awerama. Pomwepo amayi akukuwa kuti ndi nthawi yanga, ndifulumire.

Chikwama cha Anti sachiika pansi. Zipi yake inafa kalekale, ukachipendeketsa zonse zimakhuthuka: makiyi, maswiti, buku la nyimbo, magalasi. Kuchibweza sindingathe, eni ake awerama. Kuwadikiritsa amayi akuluakulu sindingathenso. Ndapita nacho.

Mkono wamanzere ndautambasulira kumbali kuti chikhale chilili. Kukagwira chigongono sikutheka, zikhuthuka. Kugwada sikutheka, chikhudza pansi. Maganizo onse ali pa magalasi a Anti. Masitepe sindinawerenge. Ndangomva dzanja lamanja lapepuka.

Phokoso! Mabotolo asanu ndi atatu!

Ndatembenuka kuti ndibweze chikwama. Anti abweza manja kumbuyo. "Ayi ayi. Sewera nacho."

Ndasewera nacho mpaka gemu yatha. Asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu. M'ngalande kamodzi kokha. Bana Mutale afunsa bambo wa nsapato uja ngati malamulo amalola. Bamboyo waganiza nthawi yaitali, akuti palibe anafunsapo.

Atigonjetsa. Koma pang'ono. Palibe chinagwa m'chikwama, ngakhale switi imodzi.

Lamulungu

Mkono wamanzere ukuwawa kuposa wamanja.

Titatuluka m'tchalitchi amayi andizungulira. Atatu andilonjeza zikwama zawo. Mayi Kachingwe akuti chawo n'cholemera kwambiri, ndikhoza kugwetsa onse khumi. Ndayang'ana pansi, ndathokoza.

Anti akuti anawerenga masitepe anga dzulo. Nthawi zina asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Anayi sanawaonepo. Akutinso zikomo uja akutulukabe, kungoti mabotolo akumamuphimba.

Ndatenga rula. Ndakhwatcha 1, 2, 3, 4, bwinobwino, mzere umodzi umodzi. Nambala 7 ndakhwatchanso. Tepi ya mukolido ndamatula. Kabichi tadya.

Mu timu ndakhalamo. Anti anena okha, pamaso pa anthu.

Ndinkafuna kuchoka ku zikwama. Sindinachokeko. Koma zinali zisanu ndi ziwiri, tsopano chatsala chimodzi, ndipo ndikuchisunga nditaimirira. Basi, zili bwino.

Ndawauza Anti kuti zipi ija ndikhoza kuwasokera, ndi ntchito ya mphindi khumi.

Akuti ndisayerekeze.