Tsiku Limene Kompyuta Inafufuta Mkazi Wanga

Amene akuti Lafayelo ndi wabodza ayimirire pompano ndimuwone nkhope. Ayang'ane mapazi angawa, anene yekha chifukwa chake nsapato ya kumanzere ili yakuda pomwe ya kumanja ili yofiirira, chonsecho ndinazigula tsiku limodzi zili zofiirira zonse. Palibe woyimirira? Ndiye siyani kaye bawoyo, manja pamwendo, ndikuwuzeni za tsiku limene Rumphi yense anatsala pang'ono kutha ndi chala changa chimodzi ichi, mkazi wanga n'kufufutika ngati choko pa bolodi.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwerera utenanti wa fodya ku Mwazisi, komweko ndinakwatira, ndipo fodya atandikana ndinapeza ntchito yosesa pa kashopu ka a Kumwenda pa boma pano, mphunzitsi wopuma uja amatayipa makalata, makadi a ukwati ndi ndondomeko za maliro. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma maso anga anafika ku yunivesite. Zaka zitatu ndinkasesa kumbuyo kwa mpando wawo, tsache pansi, maso pa sikirini.

Kompyuta yawoyo inali yaulesi kuposa ine. Ukayiyatsa m'mawa umatha kupita ku Bolero wapansi, kukapereka moni kwa anthu, kumwako thobwa, kubwerako n'kuyipeza ikadayasamula. Vuto linali la a Kumwenda eni ake: sataya kanthu. Chithunzi chimodzi cha ukwati amachisunga malo khumi, ngati mayi wobisa mbewu chaka cha njala, mpaka kompyuta inakhuta osatha kupuma. Kalaliki wina wa ku Zomba, amene ankabwera kudzapangitsa fotokope, anawawuza kuti pa intaneti pali kapulogalamu kaulere kamene kamafufuza zinthu zofanana, kusiya chimodzi, kufufuta zinazo. Iwo anakana. Amati chaulere chimakhala ndi mbedza mkati. Ine dzina la kapulogalamuko ndinalilemba m'chikhatho.

Lachitatu lina a Kumwenda anakwera ku Khondowe ku msonkhano wa akulu a mpingo. Ali pakhomo anatembenuka.

"Lafayelo, sesa, pukuta, landira anthu. Kompyuta usayigwire."

"Yewo, adada," ndinatero ine, chala chikuyabwa kale.

Abale anga, ndisanakadandaule ndiyambe ndakatamanda. Kanthu kaja n'kodabwitsa. Munthu amene sanandiwonepo, wokhala kutsidya kwa nyanja zamchere, anakhala pansi, n'kupanga chida, n'kuchisiya panjira kuti aliyense atole, osapempha ngakhale nkhuku. Kanatsika m'kompyuta ndisanamalize kumeza malovu, kakang'ono ngati nyerere. Kungoti kanabwera ndi abale ake osayitanidwa, monga achitira mlendo wa ku ukwati: wina anatsegula zenera n'kuyamba kundigulitsa mankhwala ochepetsa mimba, wina akuti ndapata galimoto, wina wakhala pamwamba pa sikirini osanena chimene wadzera. Chingerezi chinatuluka chambiri, chaching'onoching'ono ngati mapira otayika, ine n'kumangodina povomera, povomera, povomera. Kenako panabwera timabokosi tofunsa kumene kakafufuze. Ine ntchito yatheka sindiyikonda. Ndinachonga tonse, mpaka kabokosi kotsiriza pansi penipeni, kamene pambali pake panali kachithunzi ka dziko lozungulira. Mukumva? Ka dziko.

Ndinadina. Kompyuta inapuma mpweya waukulu ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, n'kuyamba kuthamanga moti kalata unkangoyiganiza yokha n'kutuluka, ndipo ndisanayiletse inasindikiza ndondomeko ya maliro a bambo wina amene ankadutsa panja pa njinga ali bwinobwino, ndi nyimbo zomwe, ndi dzina la woyankhula m'malo mwa banja. Ndinaying'amba msanga. Bamboyo alipobe, amagulitsa malasha.

Dzuwa litafika pamutu ndinati ndikadye kunyumba, kapulogalamuko kazimalizitsa kokha. Ndikutseka chitseko, phazi la kumanzere linazizira. Ndinayang'ana pansi: nsapato palibe. Sinavuke, sinabedwe, inangoleka kukhalapo.

Ndinakweza maso, ndipo zimene ndinawona, ndikulumbira pali manda a bambo anga, palibe m'busa anaziwerengapo m'buku lililonse. Kanthu kaja kanali katatuluka m'kompyuta, kutsata waya wa magetsi, kulowa m'dziko, n'kumagwira ntchito yake mokhulupirika. Wakabaza ankadutsa pa tayala limodzi, wokwera kumbuyo atamukumbatira m'khosi. Ngolo inkazungulira malo amodzi chifukwa ng'ombe inatsala imodzi. Mu msika monse munatsala tomato mmodzi, anyezi mmodzi, nyemba imodzi, amayi atazinga ngati awona mwana wobadwa ndi mano. Pa bawo panu pomwe pano panatsala dzenje limodzi ndi nkhomo imodzi, osewera akuyang'anana. Galimoto yochokera ku Mlowe inafika ndi dengu lalikulu lokhala ndi usipa umodzi, woyendetsa akulumbira kuti m'nyanja monse mwatsala bwato limodzi likuthamangitsa nsomba imodzi. Msewu wokwera ku Khondowe, uja wokhotakhota ngati matumbo a mbuzi, makona ake onse anafufutika kutsala imodzi, msewu n'kuyima chilili ngati makwerero, a Kumwenda n'kutsekeredwa pamwamba osatha kutsika. Ku Nyika kunatsala mbidzi imodzi ya mzere umodzi. Ku Vwaza njovu imodzi ya nyanga imodzi. A Gondwe onse a m'boma lino, ochuluka ngati mchenga aja, anatsala mmodzi, nkhalamba ya ku Hewe, itakhala pa chitsa ikuyitana abale ake osayankhidwa.

Ndipo kunali zii. Zii weniweni, woti sindinamumvepo chibadwire. Mbalame imodzi ikulira pa mtengo umodzi pamwamba pa phiri limodzi, kumwamba mtambo umodzi. Ndinavula chipewa. Ndinati kapena Chiuta atangoyamba kulenga, asanayambe kubwereza, dziko linkawoneka chonchi. Zabwino zinaliponso, ndisakanamizire: pa tchalitchi china panali mapemphero a pakati pa sabata, mlaliki wake uja amanena mfundo imodzi kasanu ndi kawiri, tsiku limenelo anangoti atsegule pakamwa, ulaliki watha, amayi n'kutuluka akululutira.

Mufunsa kuti nanga iwe unatsala bwanji? Funso la mwana limenelo. Kanandifufuza, kanazungulira dziko lonse kusaka wofanana nane, kanabwerako chimanjamanja.

Ndili pafupi ndi nyumba, mtima unagunda kamodzi kokha, mwamphamvu. Mkazi wanga ndi wamapasa. Kuno woyamba kubadwa amamutcha Muleza, wotsatira Nyuma. Wanga ndi Nyuma. Onse awiri ndi a NyaMhango, tsiku lobadwa limodzi, nkhope imodzi, thupi limodzi lodzaza chitseko, ndipo sabata imeneyo Muleza anali kwathu kudzacheza. Ndinathamanga, phazi lina nsapato, lina fumbi.

Ndinapeza Muleza atakhala pamphasa yekha, mutu wolukidwa mbali imodzi, chipeso chili chibayire m'tsitsi.

"Alamu, m'bale wanga ali kuti?" anatero. "Amandiluka pompano, akundiwuza za ulesi wanu, wangothera pakati pa mawu."

"Mlamu, mwa awirinu anayamba kubadwa ndani?"

"Mukufunsa zimene mukuzidziwa? Ndine."

Basi. Kapulogalamu kaja lamulo lake ndi limodzi: kamasunga chakale, kamafufuta chobwera pambuyo. Sikafunsa kuti uyu ndi mkazi wa yani, sikadziwa kuti wina amathira mchere wambiri, wina amaseka ndi dzanja pakamwa. Kwa iko mkazi wanga wa zaka makumi awiri anali fotokope.

Ndinawulula zonse. Muleza sanalire. Anatola munsi wa pamtondo n'kuwuyika paphewa.

"Tiyeni ku shopuko, alamu. Mukapanda kumubweza, lero Ntchisi ilandira mwana wake m'bokosi."

Tinafika kapulogalamuko katayamba kuwerenga zala za anthu, ndipo khutu langa la kumanzere linali litayamba kuwonekera mkati ngati pepala lonyowa. Ndinakayimitsa. Ndinatsegula kadengu ka zinyalala ka m'kompyuta, mmene zofufutidwa zimayamba zadikira: mbee. Kabokosi kokhuthula dengulo nakonso ndinali nditakachonga. Ndinasaka nambala ya mwini kapulogalamuko kuti ndimuyimbire, kulibe. Kunali kabwalo kokha ka mafunso, kumene munthu wina anafunsa vuto ngati langali zaka zapitazo, pansi pake anthu atatu n'kulemba kuti nafenso, osapezeka woyankha. Ndi mmene chilili chaulere. Chikakuthandiza uthokoze, chikakupweteka ulibe bwalo lokasuma.

Koma Lafayelo sagwa chagada. Ndinati choluma chaulere, mankhwala akenso aulere. Ndinatsitsa kapulogalamu kachiwiri, kobweza zofufutidwa, ndipo apa ndiye ndinagwada. Kanalowa pansi pa kompyuta ngati mmisiri wofukula chitsime, n'kuyamba kutulutsa mndandanda wa zonse zimene zinasowa, zonse, palibe chotsala. Koma mayina kanataya. Chilichonse chinali nambala chabe. Ndiye kunali kutsegula chimodzichimodzi, kuyang'ana, kubweza. Nambala iyi tayala la njinga, iyi tomato, iyi mzere wa mbidzi umene unatuluka pa zenera ukuwuluka kulowera ku Nyika, iyi a Gondwe, iyinso a Gondwe, iyinso, akutuluka m'pirinta mmodzimmodzi, kukonza jekete, kunena "yewo chomene" n'kumapita. Usipa unatuluka ngati mvula ya matalala mpaka amphaka a pa boma anadwala. Makona a msewu wa ku Khondowe ndinawabweza onse koma imodzi inasochera, ndi ija mumayiwona panjira ya ku Bolero pamalo oti palibe phiri, palibe mtsinje, msewu umangokhota wokha. Nsapato inabwera ya munthu wina. Sindinadandaule, inandikwana.

Dzuwa litapendeka ndinafika pa nambala ina yolemera, moti mausi ankakanika kuyikoka. Ndinadina kuti ndiwone kachithunzi kake. Mu sipika munatuluka mawu: "...ndipo ngakhale tsache lenilenilo amaligwira ngati lamulakwira." Muleza anagwetsa munsi.

"Ndi yemweyo! Mutulutseni!"

Ndinadina pobweza. Kapulogalamuko kanandiyankha mwaulemu kuti kaulere kamabweza zinthu zazing'ono zokha, zazikulu n'za mkulu wake wogula ndi khadi la ku banki ya kunja. Ine khadi ndili nalo la chipatala basi. Njovu za ku Vwaza zinali zitadutsa, mukumva, njovu, koma a NyaMhango anakanika pakhomo.

Apa ndi pamene utenanti unandipulumutsa. Ndinakumbuka jeke wa fodya, mmene timafinyira mulu wofika kudenga mpaka ukhale belo limodzi. Ndinatsitsa kapulogalamu kachitatu, kofinya mafayilo, kaulerenso. Ndinamuyika mkazi wanga mmenemo, ndikupepesa, n'kufinya, kufinya, Muleza atatseka maso, mpaka anachepa ngati njere ya therere. Chovuta kufinya chinali mawu; thupi linalowa msanga. Kachiwiri kaja kanamuyeza, kanavomera. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, kuyenda, kufika pakati, kupitirira, kutsala kampata kochepa ngati chikhadabo.

Magetsi anazima.

Inu mukanatani? Ine ndinalumpha pa zenera, kulanda njinga ya wakabaza, kuyigadamiza pakati pa shopu, kuluma waya wa dayinamo ndi mano, kumulumikiza ku kompyuta sikirini isanazizire, kugona chagada n'kupalasa ndi miyendo yonse iwiri, kupalasa mpaka tcheni chinafiira, mpaka utsi unatuluka m'mawondo, mpaka wakabazayo anati mtunda umene ndapalasa ndikanafika ku Karonga n'kubwerako ndi mpunga, ndipo magetsi amene ndinapanga anasefukira mu waya n'kuyatsa chigayo cha tsidya lija chimene chinafa kale, n'kugayira anthu mgaiwa popanda wochiyendetsa. Kamzere kanadzaza. Ndinadina pomasula.

Pirinta inabuwula ngati ng'ombe yobereka. Munatuluka kanjere, kanagwa pansi, kanatupa, kanatupa, chitenje chikufunyululuka, duku likumera pamutu, ndipo pakati pa shopu panayima a NyaMhango athunthu, osasowa ngakhale chala, manja ali m'mwamba akulukabe tsitsi la mumphepo, n'kumaliza mawu awo aja pomwe anawasiyira: "...mwamuna wanji ameneyu?" Ndinalira, abale anga. Chibadwire sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Ndiye musandifunse ngati zaulerezi zili zabwino kapena zoyipa. Chinandilanda mkazi n'chaulere, chinandibwezera n'chaulere. Mphamvu zili nazo zoti munthu uvule chipewa, nzeru zilibe ngakhale za nkhuku, ndipo timabokosi tija muziwerenga musanachonge.

Wokayika apite kunyumba kwanga, kuseri kwa chigayo, akawafunse yekha a NyaMhango. Koma ndikuchenjezeretu. Akakuwuza kuti iwo sanalowepo m'kompyuta, anangopita kwawo ku Mwazisi masiku atatu atakwiya, chifukwa ati pa ukwati wina ine ndinavina nditagwira m'chiwuno mwa Muleza n'kumanama kuti ndimayesa ndi iwo. Usawaseke, usawatsutse, ungovomera ndi mutu. Chobwezedwa ndi pulogalamu yaulere sichibwera changwiro, penapake pamawonongeka ndithu, ndipo kwa mkazi wangayu panawonongeka pokumbukira.